Singano za ku Hamburg

Madzi a tiyi akamawira, tiyeni tifike kaye ku South Africa, kumudzi wa Hamburg m'chigawo cha Eastern Cape, kumene mtsinje wa Keiskamma umathira m'nyanja.

M'chaka cha 2000, dokotala Carol Hofmeyr anayamba kusonkhanitsa amayi akumeneko kuti aziphunzira kupeta nsalu. Edzi inali itavuta, maliro sankatha. Amayi oposa 100 anapeta nsalu yotalika mamita 120, yofotokoza mbiri ya dera lawo mpaka chisankho cha 1994, ndipo inakapachikidwa ku nyumba ya malamulo ku Cape Town.

Koma imene imandikhudza mtima ndi ya 2005, nsalu ya paguwa imene amayi pafupifupi 130 anaigwirira miyezi 7. Pakati pake, pamalo pamene zithunzi za m'tchalitchi zimaika Yesu wopachikidwa, iwo anapetapo mayi wamasiye ataimirira patsogolo pa mtanda, ana amasiye ali pambali. Mukayandikira mumaona ulusi ndi mikanda, kapetedwe kosiyanasiyana chifukwa manja anali ambiri.

Apa ndiye pagona kukoma kwake. Ntchito yotere siifunsa satifiketi. Agogo amene sanapondeko m'kalasi amakhala limodzi ndi mtsikana, aliyense ndi kachigawo kake, akucheza, nthawi zina akulira. Chisoni chimene chinkabisidwa m'nyumba chinaonekera pagulu, chopetedwa ndi eni ake.

Inu amene muli ndi singano ndi zidutswa za chitenje m'dengu, itanani anansi anu lero, muyambe.