Cikomekome ca Mzinda wa pa Gombe

Ife a ku Mzuzu tikhala pa mapiri a Viphya, kumene nkhungu ndi cisanu sizisowa. Cifukwa cace anyamata athu akamva mbiri ya Cape Town, mzinda wa pa gombe la nyanja ya mcere, mitima yao iuluka. Anzao otsogola awatumizira zithunzi pa foni, ataima pa mcenga woyera wa Camps Bay, phiri la Table Mountain liri pambuyo pao. Pamenepo mnyamata agulitsa njinga yace ndi mbuzi za atate wace, nakwera basi yopyola Tete, Harare ndi Beitbridge. Tsono tifunsane: kodi kukhumba malo okongola nkulakwa?

Ife titi sikulakwa ai. Ifenso tikatsika ku Nkhata Bay ndi kuona dzuwa likuturuka pa madzi, mitima yathu ikondwa, ndipo palibe wotitsutsa. Ndiponso ulendo wa ku Cape suli wa lero. Clements Kadalie, wobadwira kufupi ndi Bandawe, wophunzira ku Livingstonia, anafikako m'caka ca 1918. Ndipo mu 1919 anayamba bungwe la anchito la ICU, limene linatsogolera onyamula akatundu a pa doko kuleka nchito pofuna malipiro oyenera. Munthu akhoza kucita zabwino ngakhale pa cilendo.

Koma akuru anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba zopenya ku nyanja ziri za eni cuma. Mbale wathu atsirira maluwa a mwini nyumba usana, nakagona m'cisakasa ca malata ku Khayelitsha kapena ku Imizamo Yethu, ndipo cisakasaco acilipira mwezi ndi mwezi. Ku Imizamo Yethu komweko, m'mwezi wa March 2017, moto unanyeketsa zisakasa, anthu zikwi natsala opanda pogona. Mu 2018 cirala cinakula, kotero kuti munthu mmodzi analoledwa malita 50 okha a madzi pa tsiku. Nyanja iri pa khomo, koma madzi ace osamweka. Ndipo mu 2008 alendo ambiri anapitikitsidwa m'nyumba zao cifukwa ca kubadwira kwina basi.

Mtengo woposa yonseyi ndi umene suwerengeka ndi ndarama. Makolo athu anali nalo dzina la iwo opita osabwera: machona. Mwana akula osadziwa nkhope ya atate wace. Mkazi akalamba alikudikira. Amai amwalira, ndipo mwana wao atumiza ndarama ya bokosi m'malo mwa kudzagwira khasu ku manda. Kadalie yemwe anatsirizira moyo wace ku East London mu 1951, kutali ndi nyanja ya kwao.

Tisaloze cala a paulendo okha, pakuti mlandu tiri nao tonse. Wotumiza cithunzi ca gombe nabisa cisakasa, anyenga mng'ono wace. Ifenso otsala titama wobwera ndi galimoto, tiseka wobwera cimanjamanja. Cotero manyazi amanga ambiri kumeneko koposa umphawi. Aopa kuseka kwathu koposa moto ndi njala.

Nanga tidzatani? Wofuna kupita ayambe wakhala pansi ndi akuru ace, nawerenge mtengo wonse, si wa basi wokha ai; apite ndi makalata oyenera a boma; apangane ndi a m'banja lace nthawi yobwera, nasunge panganolo. Wokhala kumeneko anene zoona, zokoma ndi zowawa pamodzi. Ndipo ife, mwana akabwera wopanda kanthu, timlandire pa khomo, timphikire nsima, tisamfunse za masutikesi. Pakuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma mau amenewa adzakhala oona pokhapo ife eni mudzi tikatsegula citseko.