Dzina Lobwereka

Mu 1940 boma la Japan, limene linali kulamulira Korea kuyambira 1910, linayamba kuumiriza mabanja a ku Korea kulembetsa maina a Cijapani. Okana anali kuvutika kupezera ana ao malo kusukulu, ndipo ena anali kumanidwa makhadi olandirira cakudya. Pafupifupi mabanja 8 mwa 10 alionse anagonja. Kodi onsewa anagulitsa mtundu wao?

Nditafunsa ana a m'kalasi langa, ambiri anayankha msanga kuti inde. N'cosavuta kulimba mtima pamene njala ndi ya wina. Tsono ndinawauza za anthu awiri.

Woyamba ndi Yun Dong-ju, mlakatuli wacinyamata. Mu 1942 analembetsa dzina lakuti Hiranuma kuti apeze mapepala okaphunzirira ku Japan. Kutatsala masiku ocepa kuti atero, analemba ndakatulo yolapa, yodzala manyazi. Ku Japan komweko anapitiriza kulemba m'Cikorea, citundu cimene boma linali kucotsa m'masukulu. Apolisi anamugwira ku Kyoto mu 1943, ndipo anafera m'ndende ku Fukuoka mu February 1945 ali ndi zaka 27, kutatsala miyezi 6 kuti dziko lake limasuke. Ndakatulo zake zina zinapulumuka cifukwa banja la mnzake linazibisa kunsi kwa matabwa a pansi m'nyumba. Zinasindikizidwa mu 1948.

Waciwiri ndi Yi Kwang-su, wolemba mabuku wochuka. Nayenso anatenga dzina la Cijapani, Kayama Mitsuro. Koma iye analivala monyadira, nayamba kulemba ndi kulankhula poyera, kulimbikitsa anyamata a ku Korea kulowa usilikali wa Japan.

M'kaundula wa boma awiriwa anacita cimodzimodzi. Kusiyana kwao kuli pa cimene anacita atagwada kale. Yun anagwada kuti adutse pakhomo lofupika, koma manyazi sanamucoke, ndipo manyaziwo ndiwo anamukumbutsa kuti iye ndani. Yi anagwada, kenaka n'kuyamba kukankhira pansi mitu ya ana a anzake.

Sindikunena kuti kugonja kulibe mtengo; Yun mwini sanadzikhululukire. Ndikunena kuti musanaweruze munthu amene anagonjera wamphamvu, kaya ndi kholo lanu kapena mnzanu wa m'komboni, mufunse zinthu ziwiri: anasunga ciani mumtima, ndipo ndani anavulala cifukwa ca kugonja kwake?