Cinkhwe Columa

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anafika kwathu tsiku lina madzulo atanyamula kabokosi koboolaboola m'mbali, cala cace camkombaphala cili cokulungidwa ndi kansanza. M'kabokosimo munali mwana wa cinkhwe, wa mtundu uja wotuwa kumsana ndi wobiriwira pamimba, wa timawanga tacikasu m'mapewa, umene umapezeka m'nkhalango zambiri za dziko lathu lino, ndi umene Azungu anaucha dzina la Meyer. Anati anagula kambalameko pamseu kwa anyamata amene anagwetsa mtengo wa mphako m'mene munali cisa. Nthenga zinali zitamera, koma kuuluka kanali kasanadziwe bwino, ndipo pa ulendo wa tsiku limodzi lokha kanali katamluma katatu.

"Amalume," anatero mnyamatayo, "ndicite ciani kuti kaleke kuluma? Anzanga ati ndizikagogoda pamlomo nthawi zonse kakandiluma, kapena ndikamane cakudya masiku awiri kuti kafatse."

Sindinamyankhe msanga. Funso limeneli lioneka ngati laling'ono, la anthu osowa cocita, koma ndi funso lomwelo limene limadza kwa munthu ali yense amene wapatsidwa mphamvu pa wina wocepa kuposa iye. Inu amene muli kutsiriza sukulu tsopano simudzakhalitsa musanakomane nalo. Wina adzakhala mphunzitsi, wina kapitao, wina adzasungira mlongo wace ana, ndipo tsiku lina amene ali m'manja mwanu adzakana cimene mufuna. Pamenepo mudzayenera kusankha: kodi mumcotsere mphamvu yakukana, kapena mucotse cimene cimcititsa kukana? Pa cinkhwe nkhani iyi ioneka bwino koposa, cifukwa mbalame siidziwa kunyenga ndi nkhope monga ticitira anthufe.

Tiyambe tafunsa cifukwa cace cinkhwe cimaluma. Coyamba ncakuti mlomo wace ndiwo dzanja lace. Ndi mlomo cimaswa njere, cimakonza nthenga, cimayesa ngati cinthu ncolimba kapena cofewa; ndipo cikamakwera mumtengo cimayamba cagwira nthambi ndi mlomo, mapazi nkumatsatira. M'caka ca 2022 anthu ophunzira a ku New York anayesa zinkhwe zing'onozing'ono pokwera, napeza kuti mlomo sungogwira cabe, koma umakoka thupi lonse ngati mwendo wacitatu. Tsono mwana wa cinkhwe akasolola khosi nagwira cala canu ndi mlomo, kawirikawiri ali kungoyesa ngati nthambi yacilendoyi ingamnyamule. Inu mukadzidzimuka nkucotsa cala, iye aphunzira kuti nthambi zotere zimathawa, ndipo mawa adzagwira zolimba kuti isamthawenso. Kuluma kwambiri kumayamba cotero, ndipo woyambitsa ndi mwini cala.

Caciwiri ndi mantha. Taganizani za kambalame ka mphwanga. Kanabadwira mumdima wa m'mphako, kodziwa mau a amace ndi a abale ace okha. Tsiku lina kanamva nkhwangwa, mtengo unagwa, ndipo panafika manja. Kuthengo cimene cimagwira mbalame kucokera kumwamba ndi kabawi. Nanga dzanja la munthu lotsika kucokera kumwamba lisiyana bwanji ndi kabawiyo? Mbalame ya mantha ikakhala ndi danga imauluka. Yotsekeredwa m'khola ilibe kothawira, yatsala ndi mlomo basi. Ngakhale pamenepo cinkhwe sicifulumira kuluma. Cimayamba cacenjeza: cimapendekera kumbuyo, cimaimika nthenga za pakhosi, cimayasamula mlomo, cimalira mokalipa, ndipo kadontho kakuda ka m'diso kamakula ndi kucepa msangamsanga. Zonsezi ndi mau akuti "iai." Kuluma ndiko "iai" wotsiriza, wonenedwa kwa munthu amene sanamve oyambawo.

Nanga uphungu wa anzace a mphwanga? Ndisaname, nthawi zina umagwira nchito, ndipo ngozi yace ili pomwepo. Mbalame yomanidwa cakudya idzadya m'dzanja lanu ndithu, monga munthu wa njala amalandira nsima ngakhale kwa mdani wace. Yogogodedwa pamlomo ingathe kuleka kuluma masiku angapo, ndipo woona kunja adzati yazolowera. Koma kugonja ndi kukhulupirira zimafanana nkhope monga bowa wabwino ndi bowa wakupha. Mbalame yogonja imakhala duu pa dzanja cifukwa yaona kuti palibe cothandiza. Yokhulupirira imadza yokha ngakhale kothawira kulipo. Oweta mbalame adziwanso cina coipa koposa. Mukamalanga macenjezo aja, kapena kungowanyalanyaza, cinkhwe cimaleka kucenjeza. Caphunzira kuti kuimika nthenga nkwacabe, tsono cimangoluma mwadzidzidzi, ndi mphamvu yace yonse. Mwini wace adzati, "Mbalame iyi njoipa mtima, iluma popanda cifukwa," osadziwa kuti ndiye anaiphunzitsa kubisa. Ndani wa ife sanaonepo mwana wotere, wofatsa pamaso pa womlera wankhanza, amene tsiku lina anacita cinthu cimene cinadabwitsa mudzi wonse?

Alipo amene adzanditsutsa, ndipo si anthu opusa ai. Adzati akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Ukalekerera mwana wa cinkhwe adzakula ndi khalidwe lomwelo, ndipo mlomo wa cinkhwe cacikulu umaboola cala kufikira magazi. Adzatinso ng'ombe zathu sizinalowe m'goli ndi mau okoma okha. M'mau awa muli coonadi. Kulekerera nakonso nkulakwa. Munthu amene amakuwa ndi kuthawa nthawi zonse akalumidwa aphunzitsa mbalame kuti mlomo ndiwo mfumu ya pakhomo. Ndipo popeza zinkhwe zimakonda phokoso, kukuwako kungathe kusanduka masewera okoma kwa izo. Koma mwambi wa mtengo uja uli ndi funso m'kati mwace limene timaliiwala. Musanaongole mtengo, muyambe mwadziwa cimene caupotoza. Mtengo umene wapendekera cifukwa mthunzi wa nyumba yanu waubisira dzuwa sufuna cingwe, ufuna kuwala. Cilango cimayenera pamene wolangidwa adziwa lamulo nalilakwira dala. Mbalame yoluma ndi mantha siinalakwire lamulo lili lonse, ndipo woilanga ali kusonkhezera moto umene afuna kuuzima.

Tsono ine ndi mphwanga tinatsata njira ya munthu wofuna kuona maso a nkhono. Tinaika khola m'ngodya ya cipinda, kumbuyo kwace kuli khoma, kuti kambalame kaziona anthu koma kasaope kudzeredwa kumbuyo. Masiku oyamba palibe anakakhudza. Mnyamata ankangokhala pafupi, cam'mbali osati maso ndi maso, nkumawerenga buku lace mokweza pang'ono kuti kazolowere mau ace. Cakudya tinkakapatsa cokwanira nthawi zonse: mapira, cimanga caciwisi, magwafa ndi masamba. Koma njere za mpendadzuwa, zimene kanazikonda koposa, sitinaziike m'mbale. Zimenezo kankazilandira ku zala za mnyamatayo zokha, poyamba kupyolera m'waya, pambuyo pace pa khomo lotsegula. Wina angati, "Nanga si kumana komweko kumeneko?" Iai. Mbalame yokhuta ingathe kukana njere yanu, koma ya njala siingathe, ndipo kusiyana konse kuli pamenepo. Ndipatuke pang'ono kuuza ofuna kuweta kuti mapeyala aja ena amati kotapela ndi ciphe kwa zinkhwe, ndi kuti nsawa zacuku ndi zakudya zamcere zimazidwalitsa.

Patapita masabata awiri tinayamba ndi ndodo yaing'ono. Mnyamata ankaifikitsa pang'onopang'ono patsogolo pa mapazi a kambalame, njere ili m'dzanja linalo, kotero kuti pofuna njereyo kayenera kuponda pa ndodo. Phunziro silinkapitirira mphindi 5, kawiri kapena katatu pa tsiku. Kakaimika nthenga iye ankabwerera m'mbuyo, ndipo ici ndico cinam'bvuta koposa.

"Amalume, kodi si kugonja kumeneku?" anandifunsa tsiku lina. "Mbalame ndiyo ili kundilamulira tsopano."

"Iwe, ukamvera 'iai' wamng'ono," ndinamyankha, "wamkuluyo sadzafika."

Pamene kanamluma ndithu, sanakuwe ndipo sanagwedeze dzanja. Ankangokatsitsira pa mtanda wace mwakacetecete, nkukafulatira kanthawi kocepa. Cinkhwe ndi mbalame ya gulu, ndipo kufulatiridwa ndi mnzace kumaciuza zambiri kuposa kumenyedwa. Atatha masabata 6 kanaponda pa cala cace, katayamba kaciyesa ndi mlomo, iye ataumitsa dzanja, thukuta lili kamukamu.

Sindinena kuti kanalekeratu kuluma. Kamaluma kakatopa, kapena mlendo akakafikira mwaliuma, ndipo ine sindiona cifukwa cofunira kuti kalekeretu. Mai wina wophunzira wa ku America, Irene Pepperberg, anagula cinkhwe cotuwa, ca mtundu uja wa ku nkhalango za Congo, m'caka ca 1977, naciphunzitsa zaka 30 kufikira cinafa mu 2007. Cinkhwe cimeneco, dzina lace Alex, cinadziwa mau oposa 100. Cinkachula maonekedwe a zinthu ndi kuwerenga zinthu zocepa. Anthu amazizwa ndi zimenezo. Ine cimene cimandigwira mtima ncakuti cinaphunziranso liu lokanira, ndipo cikatopa ndi mafunso cinkapempha kuti acibwezere kumalo kwace. Mphamvu yakukana sanaciphunzitse ndi mai uja. Cinali nayo cibadwire, monga kambalame ka mphwanga. Iye anangocipatsa liu limene ife ogontha tingathe kulimva.

Koma pali cina cimene sindingacibise, cimene kufatsa kwathu konse sikunacifafanize. Kambalame aka sikanapemphe kudza kwathu. Mphwanga anakagula cifukwa ca cifundo, poona kali kuzunzika m'manja mwa ana. Koma ndalama yace inauza anyamata aja kuti mitengo ya mphako ili ndi phindu. Zinkhwe za kuno sizimanga zisa panthambi. Zimaswera m'mphako za mitengo ikuluikulu, imene imatenga zaka zambiri kukula, ndipo mtengo umodzi ukagwa cisa ca zaka zambiri catha. Malonda otere, pamodzi ndi kutha kwa nkhalango, ndiwo anacepetsa zinkhwe zotuwa zija m'maiko ena, kotero kuti m'caka ca 2016 maiko osonkhana ku Johannesburg anapangana kuletsa kugulitsa kunja zogwidwa kuthengo. Cifundo naconso cingathe kukhala ndi mlandu. Ndinamuuza mnyamatayo zimenezi mosabisa, osati kuti adziyese wocimwa, koma kuti asadzagulenso.

Kukabwezera kuthengo sikunali kotheka. Mbalame yoleredwa ndi anthu siidziwa mitengo ya zipatso ndi nyengo zace, siidziwa kucenjera ndi kabawi, ndipo imene taiphunzitsa kuti dzanja la munthu ndi labwino ingathe kutera pafupi ndi ali yense, ngakhale wonyamula legeni. Apa ndi pamene ndiona kulemera kwa nchito yoweta. Mantha amene tinawacotsa anali cishango cace. Tinakalanda cishango cimeneco mwaulemu, ndi njere za mpendadzuwa, koma tinakalanda ndithu. Ndipo wolanda mnzace cishango ayenera kuima iye mwini m'malo mwa cishangoco masiku onse. Masikuwo ngambiri. Cinkhwe ca mtundu uwu cikasungidwa bwino cimakhala zaka zoposa 20. Mphwanga ali ndi zaka 18. Ngongole imene anaitenga pamseu paja idzamtsata kufikira ana ace atalowa sukulu. Ndipo si ngongole ya cakudya cokha. Cinkhwe cosiyidwa cokha m'khola tsiku lonse, copanda wolankhula naco ndi copanda coseweretsa, cingathe kuyamba kudzizula nthenga kufikira pacifuwa pali mbee. Anthu ambiri amadandaula za cala columidwa, koma za cifuwa cotere sitimva wodandaula, popeza mwini wace sangatiuze.

Sabata lathali mphwanga anapita ku Kitwe kukaphunzira nchito, kumene agona m'cipinda cimodzi ndi anzace atatu, ndipo mbalame sakanatha kupita nayo. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu: khola lili m'ngodya ya cipinda canga tsopano. Ndinayesa kuti popeza uphungu wonse uja unacokera kwa ine, kambalameko kadzandilandira msanga. Koma cikhulupiriro cimene kanapatsa mnyamatayo cinali cace yekha, sicisiyirana ngati malaya. Tsiku loyamba ndinafulumira kupereka dzanja. Kanaimika nthenga, ine osasamala, ndipo pamene ndili kulemba izi cala canga camkombaphala ncokulungidwa ndi kansanza.

Ndabwerera ku mpando wa pambali pa khola, ndi nyuzipepala yanga, kuwerenga mokweza nkhani za mitengo ya feteleza kwa womvera amene andiyang'ana ndi diso limodzi. Madzulo mnyamatayo amaimba foni nafunsa za kambalame asanafunse za ine. Ndimaika foniyo pafupi ndi waya, ndipo kakamva mau ace kamatsika pa mtanda nkumamfuna kuseri kwa dzanja langa. Dzulo kanalandira njere yoyamba ku zala zanga, kenaka kanathawira nayo ku mbali yakutali ya khola kukadyera kumeneko.