Ngongole ya Ulendo wa ku India

Ife a pa Kameza ndege za ku Chileka timangoziona m'mwamba. Kwathu anakwerako ndi achimwene okha, popita ku India pa pulogalamu ya ITEC, yomwe boma la kumeneko lakhala likuphunzitsira anthu a mayiko ena kuyambira 1964. Tikiti, pogona, fizi, zonse ulere. Anakaphunzira zokonza makina a m'fakitale.

Atabwerako, abwana awo anati makina otero kuno kulibe, foreksi yogulira kulibenso. Pano akufuna kulowera ku Joni, ndipo amayi akuti kumeneko n'kuba: "Anakuphunzitsa kuti udzathandize kwanu konkuno."

Nkhaniyi yandisowetsa tulo. Kodi ngongole ali nayo kwa ndani? Amwenye sanapereke mwa Chisamariya ayi. Wophunzirira pa makina ako, mawa adzaitanitsa makina akowo. Boma lathu linangosaina kalata. Komabe malo aja anali owerengeka, ndiye alipo mnyamata wina, kaya wa ku Ndirande kaya ku Bangwe, amene anatsala chifukwa achimwene anapita. Ine ndimaganizira iyeyo.

Dzulo ndinawauza zimenezi. Anangondifunsa kuti, "Nanga ndikakhala kuno manja lende, iyeyo apindula chani?"

Ndinasowa choyankha. Basi yawo inyamuka Loweruka.