Mphatso kapena chiphuphu?

Amayi anga ndinawagulira foni ya WhatsApp kuti asamasowe ocheza nawo. Mumtima ndinati udindo wanga ndakwaniritsa. Koma nditapita kumudzi ndinawapeza ali khuma pakhonde, chala chikungotsetsereka pa zithunzi za adzukulu a ku Joni, nsima itazizira m'mbale. Tulo sakugona, kutchalitchi anasiya.

"Mwana wanga," anatero, "anthuwa ndimawaona tsiku lililonse, koma wondifunsa kuti ndadzuka bwanji palibe."

Awerengi, matenda ovutika maganizo mwa okalamba amabisala, ife timangoti "ndi ukalamba basi." Nanga ine ndinapereka mphatso, kapena ndinagula ufulu woti ndisamabwere? Foniyo siinalakwe ayi. Chithunzi sichiodira pakhomo.

Loweruka lino ndikwera basi.