Eli anaona kuledzera, Mulungu anaona misozi

Kuwerenga: 1 Samueli 1:9-18



Hana akupemphera ku Silo, wansembe Eli anamuyesa woledzera, namudzudzula. Komatu Hana sanamwe kanthu. Mtima ndiwo unali wosweka chifukwa chosowa mwana ndi chitonzo cha Penina. Abale athu ena kuno ku Lundazi amamwadi, koma ife, monga Eli, timaona mowa wokha, osaona chisoni chimene chabisala pansi pake.

Pali nthenda yotchedwa kupsinjika maganizo. Munthu amakhala wachisoni masabata awiri kapena kuposerapo. Tulo sabwera, nsima siikoma, khasu limalemera, ndipo ena amalakalaka kufa. Imatha kudza pambuyo pa maliro, ngongole, kapena thonje likagulidwa motchipa. Ambiri, abambo ndi amayi omwe, amathamangira kachasu kuti aiwale. Mowa umagoneka ubongo kwa maola ochepa, koma umasokoneza tulo, ndipo kukacha chisoni chimabwerera chitakula. Thupi likazolowera limafuna wochuluka. Motero chisoni chimaitana mowa, mowa n'kuitananso chisoni.

Mu 2012 boma linaletsa tujilijili. Linachita bwino, koma lamulo silipoletsa bala la mumtima.

Nanga ife tichitenji? Kuledzera sitikuvomereza, ndipo mayi amene akumenyedwa asakhale chete, auze akulu a mpingo ndi apolisi. Koma tikapita kukayendera womwa, tisayambe ndi chidzudzulo. Timufunse kuti, "Kodi zinayamba liti? Chikukusautsani n'chiyani?" Tipemphere naye, kenaka timuperekeze kuchipatala cha Lundazi. Ovutika kwambiri amatumizidwa mpaka ku Chainama ku Lusaka. Nthenda ziwirizi zichizidwe pamodzi, pakuti ina ikatsala imadzutsa inzake.

Amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka asasiye mwadzidzidzi popanda achipatala, chifukwa angathe kunjenjemera ndi kugwa ngati wakhunyu. Akanena zodzipha, tisamusiye yekha, ndipo tibise mankhwala ophera tizilombo m'thonje.

Eli atamvetsera, anasiya kudzudzula nadalitsa Hana, ndipo Hana anapita kukadya. Mayi mnzanga, sabata ino ukamvetsera ndani?

Ambuye atipatse makutu akumva kulira kobisika. Amen.