Mabwinja a ku Coventry: Kodi Kukhululuka Ndi Kuiwala?

Aphunzitsi, nkhondo ikapasula mzinda, anthu otsala amakhala ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndiyo kuchotsa zigumukire ndi kumanganso nyumba. Yachiwiri ndiyo yovuta: kusankha chochita ndi zoipa zimene akuzikumbukira. Khalidwe la mzinda limaumbidwa pa ntchito yachiwiriyi.

Tiyeni tione mzinda wa Coventry, ku England. Usiku wa pa 14 Novembala 1940, ndege za Germany zinaponya mabomba pamzindawu, pakuti munali mafakitale a zida za nkhondo. Anthu oposa 500 anafa. Tchalitchi chachikulu cha St Michael chinapsa, n'kungotsala makoma ndi nsanja.

Mbusa woyang'anira tchalitchicho anali Richard Howard. Pa Khirisimasi chaka chomwecho iye analankhula pa wailesi ali m'mabwinjamo, nadandaulira anthu kuti ataye maganizo obwezera. Pambuyo pake analembetsa pakhoma pemphero lalifupi lochokera pa Luka 23:34, lopempha Atate kuti akhululuke. Koma mau otchula oyenera kukhululukidwa anawasiya dala, kuti aliyense wowerenga adziikemo yekha.

Apa wina angafunse kuti, kodi chimenechi n'chilungamo? Woponya bomba ndi mwana wofera m'nyumba safanana ayi. Funsoli n'loyenera, ndipo tisalithawe. Wolakwa analipodi. Koma mtima wofuna kuononga sukhala m'fuko limodzi lokha. Mu Febuluwale 1945, ndege za Britain ndi America zinatentha mzinda wa Dresden, ku Germany, ndipo anthu pafupifupi 25,000 anafa. Mbali imene inalira mu 1940 ndiyo inaliza anzawo mu 1945.

Nkhondo itatha, a ku Coventry akanatha kusalaza bwinjalo kuti lisaonekenso. Akanathanso kulisunga ngati chala cholozera adani. Sanachite zonsezi. Mmisiri Basil Spence analemba mapulani a tchalitchi chatsopano choti chimangidwe pambali pa chakalecho, ndipo chinapatulidwa mu 1962. Bwinja lilipobe, lopanda denga, ndipo alendo amadzera m'menemo polowa m'chatsopano. Misomali ya denga lopsalo anapangira mitanda, naitumiza ku mizinda ya Germany. Mu 1959 Coventry ndi Dresden anapalana ubale. Achinyamata a ku Germany anadzagwira ntchito pabwinja la Coventry, ndipo a ku Britain anakathandiza kumanganso chipatala ku Dresden.

Tsono tikuona kuti kukhululuka si kuiwala. Woiwala sakhala ndi choti akhululuke, ndiponso alibe choti achenjeze nacho ana ake. Wosunga chakukhosi amamanga nyumba zatsopano, koma m'katimo mumakhalabe nkhondo yakale. Bwinja la Coventry lili ngati chipsera: limachitira umboni kuti bala linalipo, ndiponso kuti linapola.

Ana amene mukuwaphunzitsa sanaonepo mabomba, koma ndeu ya pabanja ndi udani wa pamudzi akuzidziwa. Musawauze kuti cholakwa sichinachitike, pakuti adzadziwa kuti mukunama. Afotokozereni nkhaniyi mwachidule, kenaka afunseni: Howard anasiyiranji mau aja? Nanga munthu angakumbukire bwanji choipa chimene anamchitira popanda kufuna kubwezera? Apatseni nthawi yoti ayankhe okha.